Lole yanga ikuonekeratu kuti ndi chidole, ndikuphonya pati?

Mfana wa Machinjiri: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ine ndi anzanga tikupanga ka filimu kakafupi, nkhani yake ndi ya dalaivala wa lole amene wakakamira kuoloka mlatho mvula itagwa usiku wonse, nde mlathowo ukugumuka iye ali pakati. Ndalama yogwetsera lole yeniyeni mumtsinje tilibe kkkk ndiye ndinagula lole yachidole pa kaunjika, yachitsulo, kutalika kwake masentimita 33, mlatho ndapanga wa makatoni ndi timitengo. Ndajambula pa foni koma aliyense amene ndamuonetsa akungoseka, akuti ndi katuni. Clip ndaiponya pamwambapo. Ndikonze chani?

Blender Boy Joni: kkkkkkk ase loleyo yadumpha itagwa, yachita kunjanja kawiri. Siya zidole man, panga mu Blender, pulogalamu ya 3D ya pa kompyuta ija, ndi yaulere

Sisi Editor: Musamuseke, mlathowo waupanga bwino ndithu. Vuto si chidole, vuto ndi momwe wajambulira. Ndaona zinthu zitatu pompo: wajambula utaimirira kamera ikuyang'ana pansi, lole yagwa mwachangu kwambiri, komanso kumbuyo kuli mbuu ngati unayatsa portrait mode. Unayatsa eti?

Mfana wa Machinjiri: Eya sisi, ndimafuna izioneka cinematic

Sisi Editor: Thimitsa. Pa munthu mbuu wa kumbuyo uja amakoma, pa chidole ndi amene amakuulula. Diso la munthu linazolowera kuti chinthu chikakhala chachikulu komanso chili patali, chonse chimaoneka bwinobwino kuyambira bampala mpaka matayala akumbuyo mpaka phiri la kutsidya. Ukaona kutsogolo kokha kuli shapu kwinako kwafufutika, ubongo umangodziwiratu kuti ichi ndi kanthu kakang'ono kajambulidwa pafupi. Nchifukwa chake anthu akafuna kuti tawuni yeniyeni ioneke ngati ya zidole amafufutitsa dala m'mwamba ndi m'munsi mwa chithunzi, zija amati tilt shift zija. Iweyo ukufuna zosemphana ndi zimenezo.

Madala a Tripod: Mwana wanga, ine ndajambula maukwati kuyambira nthawi ya matepi, ndikuuze. Bwereka kamera yeniyeni. Canon 600D zilipo zambiri m'tauni muno, ika aperture (kabowo ka lenzi kolowera kuwala) pa f/16, basi nkhani yatha. Foni si kamera.

Aphunzitsi a Physics: Madala pang'ono kaye, tisanafike pa kamera tione nkhani ya kugwa kuja chifukwa ndi masamu chabe. Tinene kuti lole yeniyeni ndi mamita 8. Yakoyo ndi masentimita 33, ndiye kuti yachepa ka 24, scale yako ndi 1:24. Tsono chinthu chikagwa kuchoka pa mamita 5 chimatenga pafupifupi sekondi imodzi kufika pansi. Pa scale yako mamita 5 aja ndi masentimita 21, ndipo kugwa masentimita 21 kumatenga masekondi 0.2 okha. Dziko silidziwa kuti iwe ukupanga filimu, likukoka chidolecho ndi mphamvu yomweyo. Nde woonera akuona lole yathunthu ikufika m'madzi nthawi yongophethira, akudziwiratu kuti ndi bodza ngakhale sangalongosole chifukwa chake.

Mankhwala ake: tenga square root ya scale, uchulukitse ndi fps (kuchuluka kwa ma frame pa sekondi) imene filimu yako izidzaseweredwa. Square root ya 24 ndi 4.9, kuchulukitsa ndi 25 ndi 122. Ndiye jambula pa 120fps, ukaseweretse pa 25. Masekondi 0.2 aja atambasuka kukhala pafupifupi sekondi imodzi.

Mfana wa Machinjiri: Sir mwandikumbutsa Form 3 mutu wayamba kupweteka 😭 koma ndamva. Bwanji osangoika 240 kuti ikhale slow kwambiri? Foni yanga ili nayo

Aphunzitsi a Physics: Ukapyoza zimaoneka ngati lole ikugwa pa mwezi, kapena ngati slow motion ya dala ija ya pa mpira. Iwe sukufuna kuti anthu adziwe kuti pali slow motion, ukufuna aone kulemera. Komabe kujambula pa 240 sikulakwa chifukwa ukhoza kuifulumizitsa kawiri pa editing ikhale ngati 120, kungoti mafoni ambiri amatsitsa quality pa 240.

Sisi Editor: Ndiye pamenepa ndi pamene Madala ndikutsutseni mwaulemu. 600D ija pa 1080p imathera pa 30fps, mukafuna 50 kapena 60 mutsike ku 720p. 50fps malinga ndi masamu a Sir ikukwanira scale ya 1:4 basi, lole yake ya mamita awiri. Pa ka lole ka masentimita 33 foni ya 120fps yaiposa. Chinanso sensor ya foni ndi yaing'ono, nde mwachibadwa chake imaonetsa zinthu zambiri shapu nthawi imodzi, chimene ife timadandaula nacho pojambula anthu koma pa zidole ndi mwayi.

Madala a Tripod: Hmm. Za 720p zo ndi zoona achemwali. Koma foni mu slow motion imadzisinthira yokha kuwala, lole ikangolowa mu frame chithunzi chimayamba kupuma, kuwala kuda kuwala kuda

Sisi Editor: Adine pa screen nkugwira osachotsa chala mpaka ilembe AE/AF lock (ndiye kuti kuwala ndi focus sizisinthanso zokha), nkutsitsa kadzuwa kaja pang'ono. Mafoni ambiri amalola. Apo ayi app ya Open Camera ndi yaulere pa Android, ukayatsa Camera2 API mu settings imakupatsa ISO (momwe sensor imamvera kuwala) ndi shutter (kanthawi kamene frame iliyonse imalandira kuwala) pamanja ngati foniyo ikulola, Blackmagic Camera nayo ndi yaulere koma siilowa pa foni iliyonse

Wa ku Chipata: Muli bwanji nonse. Ine ndingowonjezera chimodzi, mafoni ena otchipa slow motion yao ndi yabodza, imajambula ma frame ochepa nkumapeka enawo. Uyese kujambula madzi akutsika pa mpopi, ukaona madontho akusungunuka nkumamatana modabwitsa ndiye kuti ikupeka. Bwereka ya mnzako

Mfana wa Machinjiri: Yanga ikuoneka kuti ndi yeniyeni, ndayesa pompano. Koma m'nyumba muno ikuda bii komanso pakuyenda mizere mizere, babu likuphethira pomwe ndi maso likuoneka bwinobwino

Madala a Tripod: Apa nde ndi kwathu tsopano. Magetsi athu kuno, ku Zambia, ku Joni konse ndi 50Hz, babu limazima ndi kuyaka ka 100 pa sekondi, maso saona koma kamera imaona. Mafoni amabwera atatcheredwa pa 30 ndi 60 ndi 120, manambala a ku America komwe magetsi ndi 60Hz, nde sizigwirizana. Pojambula anthu m'nyumba ika 25fps shutter 1/50, kapena 50fps shutter 1/100, mizere ija imatha. Ana ambiri a masiku ano akujambula maukwati m'holo pa 60fps nkumadabwa chifukwa chani chovala cha mkwatibwi chikuthwanima. Koma za chidolezo usavutike ndi m'nyumba, tulutsa panja.

Aphunzitsi a Physics: Madala anena mawu. Taonani, 120fps ikutanthauza kuti frame iliyonse ili ndi kanthawi kochepa kolandirira kuwala, shutter yake ikhale cha m'ma 1/250 kuti kuyenda kuzioneka kwachibadwa, paja lamulo lake shutter ndi fps kuwirikiza kawiri. Kuchoka pa 1/50 kufika pa 1/250 kuwala kwachepa ka 5. Ngati uli pa kamera ya lenzi, kutseka aperture kuchoka f/4 kufika f/11 kuwala kwachepanso ka 8. Ana awiri onsewa akudya mbale imodzi, ndipo ukati ukweze ISO kuti ubwezere chithunzi chimadzaza mchenga. Chidole chimafuna kuwala kuchulukitsa ka 40 kuyerekeza ndi scene ya anthu, palibe babu la mu grocery lingakwanitse zimenezo. Anzathu akunja amalipira ndalama zambiri kubwereka magetsi akuluakulu kuti apeze kuwala kumene ife timakuthawa tsiku ndi tsiku mu October

Madala a Tripod: Eetu. Kale tinkaloweza sunny 16: dzuwa likuswa mtengo, ISO 100, shutter 1/100, f/16, chithunzi chituluka bwino osayang'ana mita. Ukapita pa 1/250 ungotsegula kufika f/11 kapena kupyola pang'ono. Ndiye onani, ISO 100, 1/250, f/11, zonse zimene chidole chikufuna dzuwa lapereka laulere. Koma usakafike f/22 poganiza kuti uwonjezera shapu, pa makamera a sensor ngati ya 600D chithunzi chimayamba kufewa chonse

Mfana wa Machinjiri: Nanga pa foni poti aperture siisintha?

Sisi Editor: Pa foni vuto limatembenuka. Lenzi yake ili chitsegukire cha m'ma f/1.8, nde padzuwa foni imathamangitsa shutter mpaka 1/4000 uko kuti zisapse. Zikatero chidutswa chilichonse chikugwa chimaoneka chakuthwa frame iliyonse, zimayenda modukizadukiza. Pezako ND filter (kagalasi kakuda kochepetsa kuwala) ya clip ija yopana pa foni, ND16 ikubweza cha ku 1/250. Ukaisowa jambulabe, si imfa, motion blur pang'ono titha kuika pa editing koma siifika pa yeniyeni

Blender Boy Joni: Mwaonatu mavuto onsewa? ND, fps, dzuwa, chani chani. Mu Blender kamera umaitchera momwe ukufunira, lole umaipatsa matani 10 imagwa ngati ya matani 10. Anyamata aja a ku Kaduna ku Nigeria, The Critics, anatchuka dziko lonse ndi ma sci-fi ojambula pa foni yosweka screen nkumapanga effects mu Blender. Ife tikulimbana ndi makatoni

Wa ku Chipata: Amwene laptop yake iti? Simulation ya madzi ndi mlatho ukusweka pa Core i3 ya 4GB, magetsi nkuthima ili pa 70%? kkkk. Ndipo anyamata a ku Kaduna aja anakhala zaka akuphunzira. Opanga mafilimu a Wakaliwood ku Kampala, gulu la Isaac Nabwana, mifuti yao ndi zina amaotcherera kuchokera ku zitsulo zotayidwa, kompyuta imangomalizitsa. Zonse ziwiri zimayendera limodzi

Blender Boy Joni: Chabwino koma ndikufunseni, madzi mupanga bwanji? Ndikudikira yankho

Sisi Editor: Apa Blender Boy wafunsa zenizeni, tisamunyoze. Mu clip muja madzi aja unathira ndi chani?

Mfana wa Machinjiri: Ndowa, mng'ono wanga amakhuthula kumtunda

Sisi Editor: Nde taona pa sekondi ya 4 dontho limene lagwera pa windscreen, likukula ngati theka la chitseko cha lole. Lole unaichepetsa ka 24 koma dontho silichepa, limakhala saizi yomweyo. Madzi ndi moto ndi zinthu ziwiri zimene zakhala zikuvutitsa anthu ojambula zidole (ma miniature) kuyambira kalekale. Nchifukwa chake a filimu ya Titanic ya 1997 sitima yao yaing'ono inali ya 1:20 koma kutalika pafupifupi mamita 14, ndipo shot zambiri anaijambula pouma madzi nkuikamo pa kompyuta

Aphunzitsi a Physics: Ndi surface tension imeneyo, madzi amagwirana okhaokha pamwamba. Kadontho ka sopo wa mbale kamaichepetsa, madontho amaphwanyika ang'onoang'ono, koma ukachulutsa upeza thovu mtsinje wonse ngati pochapira. Fani yamphamvu kapena blower yopemerera pamwamba pa madzi imathandizanso kuswa madontho nkupanga timafunde ting'onoting'ono

Madala a Tripod: Ine ndinganene kuti madziwo achite matope. Mtsinje wosefukira kwathu kuno sumakhala woyera, umakhala wofiira katondo, wanyamula zinyalala, mapesi, nthambi. Sungunula dothi lofiira, uponyemo tizitsotso ndi udzu woduladula. Madzi akuda amabisa pansi pa ngalande yako komanso amaoneka olemera

Wa ku Chipata: Nanga bwanji osakulitsa lole? Anthu okhoma zidebe ndi mbaula kumsika akhoza kukukhomera ya malata ya mita imodzi ndi kanthu ukawapatsa chithunzi. Ife tonse tinakula tikupinda magalimoto a mawaya okhala ndi steering ndi ma spring omwe, luso limenelo lilipo kale. Pa 1:6 lole ndi masentimita 133, fps yake 60 basi, eti Sir?

Aphunzitsi a Physics: 61, inde 60 ikwana. Ndipo madontho achepa ka 4 poyerekeza ndi lole. Koma mlatho nawo ukula ka 4 mbali zonse, madzi ofunika ndi migolo osati ndowa

Mfana wa Machinjiri: Migolo ya madzi ku Machinjiri kuno mayi angandithamangitse pakhomo kkkk. Ndikhala pa 1:24 pomwepo

Sisi Editor: Nde panga chonchi. Lole ndi mlatho ujambule pouma, pansi pake uyale nsalu yakuda kapena dothi. Mtsinje ukajambule weniweni padera nthawi ya mvula, foni ili pa tripod osagwedeza, kenako tiziphatikiza ndi mask (kubisa mbali ina ya chithunzi) mu pulogalamu ya editing ya DaVinci Resolve, ya ulere ija imakwanitsa. Chachikulu dzuwa lichokere mbali imodzi mu shot zonse ziwiri. Ngati pa mtsinje kunali mitambo, chidolenso ujambule kuli mitambo, ukasakaniza mthunzi wakuthwa ndi kuwala kwa mitambo palibe editor angakupulumutse. Ndipo pamene lole ikumenya madzi penipenipo usaonetse nthawi yaitali, ma frame ochepa, fumbi ndi zidutswa zitchinge, udule upite pa nkhope ya munthu ali kumtunda wagwira kumutu

Admin: Ndilowererepo pang'ono. Amene akukajambula mtsinje wosefukira aimire patali pamalo okwera, zoom ilipo. Gombe limagumuka mosachenjeza, tonse tinaona zimene zinachitika ku Blantyre nthawi ya Freddy mu March 2023. Pitirizani

Mfana wa Machinjiri: Zamveka a Admin

Madala a Tripod: Tibwerere pa kutalika kwa kamera paja achemwali anatchula koyambirira, palibe walongosola. Munthu ataima m'mbali mwa msewu maso ake ali pa mita 1.6. Gawa ndi 24 upeza masentimita osakwana 7. Lenzi yako ikhale pamenepo, zala zinayi kuchoka pansi. Foni uitembenuze mutu pansi kuti kamera ikhale kumunsi, uitsamiritse pa thumba la mchenga. Ukajambula utaimirira ndiye kuti woonera ali pa mamita 38 m'mwamba, ali mu helikopita. A ku Japan anazidziwa kale izi, Godzilla ya 1954 Eiji Tsuburaya anamanga Tokyo wa 1:25, munthu atavala chinyama chija, kamera pansi ikuyang'ana m'mwamba ikuthamanga kuposa nthawi zonse. Zaka zoposa 70 zapitazo, opanda kompyuta

Sisi Editor: Ndipo ukakweza set yonse pa tebulo nkupita nayo pamalo poonekera patali, kumbuyo kukhala thambo lenileni ndi phiri lenileni, supentanso background. Kwanuko phiri la Ndirande likuoneka bwino lomwe. Ungoonetsetsa kuti m'mphepete mwa tebulo mwabisika ndi timiyala ndi tchire la set, komanso pasakhale mtengo wa papaya wapafupi masamba ake akulu kuposa lole kkk. Chapafupi kwambiri ndi lenzi chikhale masentimita 30 kapena kuposa kuti foni isasankhe pakati pa icho ndi phiri

Nachisale wa Props: Ndafika mochedwa ndawerenga zonse. Palibe wanena za penti? Loleyo ikunyezimira ngati yangotuluka mu shop. Ndi lole iti ya kuno imaoneka choncho? Ipale ndi sandpaper yosalala kaye kunyezimira kuthe. Kenako sungunula penti wakuda ndi wa brown m'madzi ambiri akhale ngati tiyi, upake paliponse nkupukuta ndi kansanza, wotsala m'mipata ndi amene amatulutsa zitseko ndi ma bolt. Dzimbiri m'mphepete mwa matayala ndi pansi pa chitseko, fumbi la katondo losefa pa sefa ya ufa kumunsi konse, pa windscreen usiye poyera pamene wiper imadutsa pokha. Kumbuyo umange tenti ya kansalu kopyapyala koviika mu guluu wa matabwa wosungunula kuti makwinya ake akhale ang'onoang'ono, nsalu wamba imaima njo siigwa ngati tenti yolemera. Ulembe ndi mawu aja a kumbuyo kwa malole, anthu akangowerenga amakhulupirira

Wa ku Chipata: kkkkk zoona, lole yopanda mawu kumbuyo si ya kwathu

Nachisale wa Props: Mitengo usatenge nthambi za masamba, masamba amaulula. Zula tizitsamba touma utembenuze mizu ikhale m'mwamba, mizu imagawikana ngati nthambi za mtengo waukulu. Udzu ndi ndere za pakhoma kapena chingwe cha khonje choduladula. Mlatho wa katoni sungasweke ngati simenti, umangopindika, mu clip muja waoneka. Umba wa dothi losakaniza mchenga wambiri, kapena plaster yopyapyala, mkati uikemo timawaya tofewa tioneke ngati zitsulo zikatulukira. Ukauma uucheke mwakabisira pamene ukufuna uthyokere, ming'alu uitseke ndi fumbi. Mzati wapakati ukhale wongoimika, umange twaini wa mbedza, wina akoke kunja kwa frame. Ndipo uumbe itatu kapena inayi nthawi imodzi chifukwa woyamba sumagwa bwino

Mfana wa Machinjiri: Sisi Nachisale inu nde mwandipatsa ntchito ya mwezi wathunthu. Nanga kunjanja kuja Blender Boy amandiseka nako?

Nachisale wa Props: Ilemeretse, ika ma nut ndi ma bolt mkati umate. Komanso lole yeniyeni ikagwa imaphwanyika, yachidole ndi yolimba kuposa saizi yake. Masula zomangira, chitseko chimodzi ndi tenti zingogwira pang'ono kuti zizitayika, katundu wa kumbuyo akhale timatumba ta mchenga tomwazika

Aphunzitsi a Physics: Chinanso chimene anthu amaiwala, liwiro lokokera lole. Ngati ikuyenera kuoneka ikuyenda 40km pa ola, amenewo ndi mamita 11 pa sekondi, ugawe ndi 4.9 yomwe ija, upeza mamita 2.2 pa sekondi. Ndiye kuti pojambula uikoke mwachangu ndithu, kuposa kuyenda kwa munthu. Ukaikoka pang'onopang'ono poganiza kuti ndi yaing'ono, pa 25fps izioneka ikukwawa. Pa mlatho wokayikitsa dalaivala angayende mwina 10km pa ola, ameneyo ndi theka la mita pa sekondi

Blender Boy Joni: Ok ok ndavomera kuti zitheka. Twaini uja mukalephera kumubisa nditumizireni ndimufufuta, ndi fumbi ndingawonjezere. Koma ikagwa iphulike moto man, filimu yopanda kuphulika ndi ya chani

Admin: Petulo ayi pa gulu lino chonde

Sisi Editor: Lole yagwera mumtsinje iphulika bwanji ase kkkk. Komanso moto uli ngati madzi omwe aja, lawi la machesi ndi lawi la machesi basi. A filimu ya Independence Day ya 1996 kuti moto uoneke ukuthamanga mumsewu anachita kuimika msewu wa chidole choongoka, kamera pamwamba, moto ukukwera wokha kulunjika kamera, ndipo anali akatswiri a zophulitsa. Za fumbi gwiritsa phulusa losefa kapena dothi, ufa ayi ngati pali moto pafupi, ufa ukamwazika mumpweya umayaka

Mfana wa Machinjiri: Palibe moto musadandaule. Funso lina, ma shot a dalaivala ndi anthu a kumtunda tijambula pa 600D ya mnzanga. Tinayesa masana nkhope zikuda bii, tikakweza kuwala thambo ndi malaya oyera zikupsa mbee

Madala a Tripod: Apa dzuwa lija lakuthandiza pa chidole lasanduka mdani. Pa anthu uli pa 25fps shutter 1/50, padzuwa ISO 100 kamera ifuna f/22. Iwe ukufuna f/4 kapena f/2.8 kuti nkhope ituluke, kusiyana kwake ma stop 5 kapena 6 (stop imodzi ndi kuchepetsa kuwala ndi theka), nde ND64 ndi imene ikufunika, kapena variable ND koma yotchipa ukaipotokola kwambiri imatulutsa chi X chakuda pakati. Osathamangitsa shutter kuti uchepetse kuwala, anthu amayenda ngati maloboti. Za nkhope, khungu lathu pansi pa thambo loyera kamera ikasiyidwa pa auto imayeza thambo nkutisiya mumdima. Ika manual, yeza pa nkhope. Ndipo usamakweze kuwala kwa chithunzi chonse, onjezera kuwala pa nkhope pokha: chi styrofoam choyera chija chimabwera mu katoni ya filiji, wina agwire cham'munsi chammbali chibweze dzuwa. Foyilo pa katoni imabweza kwambiri koma imathobwa m'maso, uikwinye kaye. Dzuwa likhale kumbuyo kwa munthu chammbali, lijambule m'mphepete mwa mutu ndi mapewa. Ndipo 11 mpaka 2 koloko pumulani mukadye, nthawi imeneyo maso amalowa m'maenje

Sisi Editor: Malaya oyerawo asinthe, kapena muwaviike mu tiyi afiire pang'ono. Chimene chapsa mbee pa 600D sichibwerera, ine ndilibe matsenga. Muziona histogram (graph ya pa screen yosonyeza kuwala) isakanikizike kumanja. Amene waika Magic Lantern (software yowonjezera ya makamera a Canon) pa card ali ndi zebra, imakulozera pamene papsa musanajambule. White balance (mtundu wa kuwala) muikenso pamanja, 5600 kapena kadzuwa kaja, pa foni ndi pa Canon chimodzimodzi, kuti ndikamaphatikiza lole isakhale ya blue anthu ali ofiira

Mfana wa Machinjiri: Koma paja script ikuti ndi mbandakucha, mvula itangokata. Nde dzuwa lonseli?

Madala a Tripod: Nde mwana iwe unena pano? kkkk

Sisi Editor: Zithekabe, bola mwina zaphweka. Dikirani tsiku la mitambo yopyapyala, kuwala kumakhala kokwanira 120fps koma mithunzi yakuthwa palibe. Kapena tambasulani bedsheet yoyera pamwamba pa set, set yake ndi ya tebulo imodzi. Mujambule kuwala kuli bwinobwino, kudetsa ndi kuika ka blue ndichita ine, musadetse mu kamera chifukwa foni mumdima imatulutsa mchenga. Thambo lichepe mu frame. Nyali za lole muikemo ma LED ang'onoang'ono a mu tochi pa batire, a batire saphethira. Ndipo kautsi pang'ono kumbuyo kwa mlatho, pakati pa set ndi phiri, kamaoneka ngati nkhungu ya m'mawa komanso kamatalikitsa zinthu, paja zakutali zimaoneka zotuwa

Nachisale wa Props: Utsiwo ukhale wofalikira osati mzere ukukwera, mzere wa utsi nawo umaulula saizi. Yatsani makatoni a mazira patali wina akupize ndi chivindikiro. Set yonse muiwaze madzi ndi botolo la spray ija ya ku saluni ioneke yonyowa, koma pa lole mupukute madontho, kunyowa kwake mupake vanishi pang'ono

Wa ku Chipata: Palibe wakamba za sound. Slow motion ya mafoni ena ilibe mawu, ndipo ngakhale ikakhala nawo ndi ka "kwaa" ka chidole. Upite pa msewu wokwera ujambule lole yolemedwa ikulira pa giya yoyamba, ujambule geti ya chitsulo ikukwekwesa pansi, njerwa zikugwa pa wilibala, nthambi youma ikuthyoka, uzitsitse liwiro ndi theka zimveke zakuya. Ndipo mawu a mlatho ukulira ayambe anthu asanaone kanthu, pa nkhope ya dalaivala

Mfana wa Machinjiri: Ndalemba zonse mu kope. Loweruka ndiyamba kuumba milatho. Sisi Editor ma file ndizitumiza pa WhatsApp pompano?

Sisi Editor: Ayi!! WhatsApp imafinya video nkuisandutsa 30fps, 120 yako yonse ithera pomwepo. Tumiza ngati document kapena ika pa Google Drive, apo ayi flash pa basi ya ku Lilongwe. Ndipo usaidule mu gallery ya foni, ndipatse momwe yatulukiramo

Madala a Tripod: ND64 ndili nayo ya 58mm, ikwana pa kit lens ya 600D. Udzatenge ku Limbe koma ibwerere ilibe zala

Blender Boy Joni: Musanaswe mlatho mundijambulire shot imodzi ya set yopanda lole ndi twaini, kamera osaisuntha olo pang'ono, ndi imene ndifufutire

Mfana wa Machinjiri: Bho. Nanga dothi louma msanga ndi liti, la pachulu kapena la kudambo?

Nachisale wa Props: La pachulu, koma uchulutse mchenga apo ayi lilimba kwambiri silisweka. Uumitse pamthunzi